Makoma anapulumuka, nanga anthu?

Ambiri a ife tikamva za Dubai timaganiza za nyumba zitalizitali zamagalasi. Koma m'mphepete mwa Dubai Creek muli dera lakale la Al Bastakiya, lomwe lero amati Al Fahidi. Anayamba kulimanga cha m'ma 1890 amalonda ochokera ku Bastak, ku Iran. Makoma anali a miyala ya m'nyanja, tinjira topanikiza kuti muzikhala mthunzi, ndipo padenga ankamangapo nsanja zokoka mphepo, zomwe eni ake amati barjeel, kuti m'nyumba muzizizira popanda magetsi.

Mafuta atapezeka mu 1966, mabanja olemera anayamba kusamukira ku nyumba zamakono. M'nyumba zakalezo munalowa antchito obwera ngati ifeyo, zina n'kusanduka mosungira katundu. M'ma 1980 pafupifupi theka la derali analigumula, ndipo mu 1989 khonsolo inkafuna kumaliza zotsalazo. Mmisiri wina wojambula mapulani a nyumba, Rayner Otter wa ku Britain, analembera kalata Prince Charles, yemwe atafika chaka chomwecho anapempha kuti derali lisungidwe. Ntchito yolikonzanso inayamba mu 2005.

Lero muli malo omwera khofi ndi oonetsera zojambula, alendo ali piringupiringu. Koma antchito ambiri amagona kutali, m'makampu monga Sonapur, basi imawatenga m'bandakucha. Zimenezi ife a m'makomboni a kumigodi sizachilendo ayi. Ndiye tikamva zoti dera lathu alikonza, tizifunsa kaye: akamaliza, muzigona ndani?