Boma la Mangochi: Malo, Utsogoleri ndi Zokolola

Mangochi ndi limodzi mwa maboma a m'chigawo cha kummwera kwa Malawi. Lili kumathero kwa nyanja ya Malawi, pomwe mtsinje wa Shire umayambira ulendo wake. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 6,273, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti muli anthu oposa 1.1 miliyoni. Kum'mawa lachita malire ndi dziko la Mozambique, pomwe mbali zina layandikana ndi maboma a Machinga, Balaka, Ntcheu ndi Dedza.

Maonekedwe a Malo

Bomali lili ndi chigwa komanso mapiri. Kuchigwa, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe, n'kotentha ndipo mvula imagwa yocheperako. Kumapiri a Namwera, njira yopita ku chipata cha Chiponde, n'kozizira ndipo mvula imagwa yambiri. Ku Cape Maclear kuli malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Utsogoleri

Likulu la bomali ndi tauni ya Mangochi, yomwe atsamunda adaikhazikitsa mu 1891 ndi dzina loti Fort Johnston. Ntchito za boma zimayendetsedwa ndi khonsolo, momwe mumakhala makhansala, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi mafumu akuluakulu. Bwanamkubwa ndiye amatsogolera ogwira ntchito kukhonsoloko. Ena mwa mafumu akuluakulu ndi Mponda, Makanjira, Jalasi, Katuli, Chimwala, Chowe ndi Nankumba. Zofuna za anthu zimayambira m'makomiti a chitukuko a m'midzi, n'kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenako kukhonsolo. Choncho amene safika pamisonkhano ya m'mudzi, mawu ake samveka pogawa zitukuko. Anthu ambiri m'bomali ndi Ayao, ndipo ochuluka ndi Asilamu.

Zokolola

Chimanga ndicho chakudya chodalirika, ndipo alimi ambiri amachibzala pamodzi ndi nandolo. Kumapiri a Namwera amalima fodya ndi mtedza. Kuchigwa kumachita bwino thonje, chinangwa ndi mbatata, pomwe m'madambo amalima mpunga.

Koma chimene chidatchukitsa Mangochi ndi nsomba: chambo, usipa, utaka ndi kampango. Mabanja ambirimbiri amadalira usodzi, kuyambira oponya makoka, owamba ndi oyanika, mpaka ogulitsa m'misika ya ku Blantyre ndi Lilongwe. Vuto n'lakuti chambo chachepa kwambiri, makamaka m'nyanja ya Malombe, chifukwa cha kuchuluka kwa asodzi ndi maukonde a maso aang'ono omwe amakokolola ndi tiana tomwe. N'chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka kumapeto kwa chaka, nthawi yomwe chambo chimaswana. Makomiti a m'madooko ndi mafumu ndi omwe amathandiza kuonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa.