Liwu lakuti "borderline"

Mu 1938, dokotala wa ku New York, Adolph Stern, anatcha odwala ena kuti "borderline", kutanthauza kuti ali m'malire: misala ayi, koma vuto lawo limaposa nkhawa wamba. Dzinali linakhazikika, ngakhale silinena kanthu za ululu wa munthuyo. Wodwala wotere amaopa kusiyidwa yekha, mtima wake umatembenuka msanga, ndipo ena amadzicheka pamkono. Akakhala m'chipatala, m'mawa amatamanda namwino, madzulo n'kumutukwana chifukwa wachedwa kubwera. Namwino wosaphunzitsidwa amati ndi matama chabe, n'kuyamba kumuzemba, chinthu chomwe chimakulitsa manthawo. N'chifukwa chake anamwino amaphunzitsidwa kumvetsera kaye asanadzudzule, ndiponso kuti onse a m'wodimo aziuza wodwalayo zofanana, usana ndi usiku womwe.