Ira ndi Charlie, abale oimba a ku Alabama

Mu nyimbo za country muli kaimbidwe kena kamene anthu awiri amalukana mau mpaka kumveka ngati pakamwa pamodzi. Akatswiri ake ambiri anali a mimba imodzi. M'zaka za m'ma 1930 mawailesi a ku America ankaulutsa abale otere, monga Delmore Brothers ndi Monroe Brothers.

Koma ondigwira mtima ine ndi Louvin Brothers, Ira ndi mng'ono wake Charlie. Anakulira m'munda wa thonje ku Sand Mountain, Alabama, alimi ngati ife tomwe. Ira ankakweza mau uku akuliza kachoimbira ka nsambo kotchedwa mandolin, Charlie ali pa gitala ndi mau apansi. Pakati pa nyimbo ankatha kusinthana mauwo, womvera osazindikira n'komwe! Mu 1955 analowa mu Grand Ole Opry, pulogalamu ya wailesi ya WSM ku Nashville.

Chinawalekanitsa ndi mowa basi. Ira akaledzera ankalusa, nthawi zina kuphwanya mandolin anthu akuona. Charlie anatopa nazo, mu 1963 aliyense anayenda njira yake. Mu 1965 Ira anafa pa ngozi ya galimoto ku Missouri, ndipo woledzera tsiku limenelo anali dalaivala wa galimoto inayo. Charlie anapitiriza kuimba popanda mkulu wake mpaka anamwalira mu 2011.