Mabowo a zikhomo pa benchi yopalira matabwa: ozungulira kapena amakona anayi?

Ngati mumakhoma nokha ming'oma ya njuchi, zitseko za khola kapena mipando, mukudziwa vuto la thabwa lothawa popala. Thabwa likamasuntha silituluka lofanana. Pa mng'oma wa timatabwa ta pamwamba, kathabwa kalikonse kamafunika mamilimita 32 m'lifupi. Mukaphonya, njuchi zimamanga zisa mopingasa ndipo zimasweka pokolola uchi.

Mankhwala ake ndi mzere wa mabowo pamwamba pa benchi. M'bowo mumalowetsa chikhomo, thabwa n'kutsamira pamenepo, kwinako vayisi kapena mphero ikulipana.

Mabowo ozungulira

• Mumabowola ndi chobowolera chamanja, ngakhale pa benchi yakale.
• Kukula kodziwika ndi mamilimita 19 kapena 20. Sankhani kumodzi, musasakanize.
• Chikhomo chimatembenuka, choncho chimagwira ngakhale thabwa lodulidwa mopendeka, monga la kumapeto kwa mng'oma.
• Bowo lomwelo limalandira chitsulo chokhota ngati nambala 7, chomwe mumachimenya ndi hamala kuti chipanikize thabwa pansi. Chimagwira bwino pa benchi yochindikala masentimita 5 kapena kuposerapo.
• Kuipa kwake: chikhomo chokhwepa chimagwera pansi kapena kuzungulira chokha.

Mabowo amakona anayi

• Chikhomo sichitembenuka, ndipo nkhope yake yafulati imagwira thabwa lowongoka mwamphamvu.
• Amasemedwa ndi chizulo, ndipo amaphweka pamene mukupanga benchi yatsopano, matabwa a pamwamba musanawalumikize.
• Bowo limapendekera pang'ono kuvayisi, pafupifupi madigiri 2, kuti chikhomo chisatumphuke.
• Kuipa kwake: ntchito ndi yambiri, ndipo kuwonjezera bowo pambuyo pake n'kovuta.

Musankhe ati?

Kwa alimi ambiri, ozungulira ndiwo oyenera. Amakona anayi asiyireni amene amapala matabwa aatali, owongoka, tsiku ndi tsiku, ndipo akupanga benchi kuyambira pachiyambi.

Kabowoledwe kake

1. Jambulani mzere masentimita 5 kuchokera m'mphepete mwa kutsogolo, moyang'anizana ndi vayisi.
2. Talikitsani mabowo masentimita 8 mpaka 10. Mpata usapose pamene vayisi yanu imalekezera kutseguka.
3. Pewani pamene pali miyendo ya benchi.
4. Imikani sikweya pambali pa chobowolera kuti bowo liwongoke. Bowolani mpaka kutulukira pansi kuti utuchi uzigwa.
5. Semani zikhomo za mtengo wolimba ndi wouma, monga bulugamu. Kumutu kwake dulani mbali imodzi ikhale yafulati.

Kumbukirani

Chikhomo chikhale chotsika kuposa thabwa lomwe mukupala. Chamtengo sichiwononga mpeni wa puleni, koma chachitsulo chimaubenthula. M'nyengo ya mvula zikhomo zimafufuma. Zipaleni pang'ono, musakuze bowo. Yambani ndi mabowo anayi kapena asanu, ena mudzawonjezere ntchito ikafuna.