Kukonza Mitundu pa Chithunzi

Kukonza mitundu pa chithunzi ndi ntchito yosintha kuwala ndi mitundu ya chithunzi cha dijito kuti chifanane ndi zomwe maso anaona. Ntchitoyi imachitika pa kompyuta kapena pa foni, ndi mapulogalamu monga Photoshop, yomwe Adobe inatulutsa mu 1990, Lightroom, GIMP ndi Snapseed. M'masitudiyo a ku Kawale, Biwi ndi Area 25 mumzinda wa Lilongwe, zokonzedwa kawirikawiri ndi zithunzi za ukwati, chinkhoswe ndi ziphaso.

Mavuto ambiri amachokera ku kuwala, komwe mtundu wake umayezedwa m'ma Kelvin: dzuwa la masana ndi pafupifupi 5500, babu lakale 2700, kandulo osafika 2000. Chojambulidwa pa kandulo magetsi atazima chimatuluka chachikasu, cha pamthunzi chimapendekera ku buluu. Wokonza amaloza chinthu choyera m'chithunzimo, monga diresi la mkwatibwi, ndipo pulogalamu imawongola mitundu yonse potengera pamenepo. Njirayi imatchedwa white balance. Diresi lomwelo limasocheretsa kamera: imachepetsa kuwala, nkhope za anthu akhungu lakuda n'kubisika. Nkhopezo zimawalitsidwa pazokha, chifukwa kuwalitsa chithunzi chonse kumafafaniza zokongoletsa za diresi, ndipo kupitirira muyeso kumatuwitsa khungu.

Sikirini imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, kotchedwa RGB, pomwe makina ambiri osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi za CMYK, motero chosindikizidwa chimazimiririka poyerekeza ndi cha pa foni. Kasungidwe ka chithunzi nakonso n'kofunika: fayilo ya JPEG imataya zina za chithunzicho nthawi iliyonse ikasungidwanso. Ya RAW imasunga zambiri zomwe kamera inajambula. WhatsApp imapanikiza zithunzi kupatula zikatumizidwa ngati dokyumenti.