Kuunika zotupa za mu msana: chifukwa chake X-ray payokha sikwanira

Zotupa zambiri zopezeka m'mafupa a msana siziyambira mu msanamo. Zimakhala khansa imene yafalikira kuchokera kwina, makamaka m'mawere, m'mapapo ndi mu prostate. Zina zimamera pa khungu lokuta mtsempha waukulu umene umachokera ku ubongo n'kudutsa m'kati mwa mafupawo, ndipo zochepa zimamera m'kati mwa mtsemphawo.

Wodwala amayamba ndi ululu wa msana umene umakula usiku ndipo suleka ngakhale atagona. Chotupa chikayamba kupsinja mtsemphawo, miyendo imachita dzanzi n'kufooka, kenako munthu amalephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi.

Makina a X-ray, amene Wilhelm Röntgen adatulukira m'chaka cha 1895, ndiwo apafupi m'zipatala zambiri, koma amaona mochedwa. Fupa limaoneka lowonongeka pokhapokha litadyeka ndi magawo 30 mpaka 50 pa 100 aliwonse, ndipo mtsempha weniweniwo suoneka n'komwe. Choncho chithunzi chooneka bwino si umboni wakuti msana uli bwino. Makina a CT amaonetsa fupa mwatsatanetsatane, koma odalirika kwambiri ndi a MRI, ogwiritsa ntchito maginito, amene amaonetsa pamene chotupa chili ndi mmene chapsinjira mtsempha. Paul Lauterbur ndi Peter Mansfield adalandira mphoto ya Nobel mu 2003 chifukwa cha luso limeneli, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre chidalandira makina otere mu 2008.

M'mayiko momwe chifuwa chachikulu cha TB n'chofala, monga Malawi, madokotala ali ndi ntchito inanso, pakuti TB ya mu msana imafanana kwambiri ndi khansa. Kusiyana kwake n'kwakuti TB kawirikawiri imadya mafupa awiri oyandikana pamodzi ndi kamnofu kofewa kokhala pakati pawo, n'kupanga thumba la mafinya, pamene khansa imakonda kudya fupa n'kusiya kamnofuko. Komabe chithunzi sichigamula mlandu wonse. Chigamulo chimabwera akatenga kachidutswa ka chotupacho ndi singano, moongoleredwa ndi CT, n'kukakayeza ku labotale.

Nthawi ndiyo yofunika koposa. Ku Britain, malangizo a bungwe la NICE amati woganiziridwa kuti khansa yamupsinja mtsempha ajambulidwe ndi MRI pasanathe maola 24. Odwala amene amayamba kulandira chithandizo akadali oyenda okha ambiri amapitiriza kuyenda, koma mwa amene ziwalo zafa kale, ochepa okha ndiwo amadzukanso.