Komla Gbedemah, Wamatabwa Amene Anasunga Cipani

Tikamva dzina la Ghana timakumbukira Kwame Nkrumah. Ndiye anatsogolera dzikolo pamene linalandira ufulu pa 6 Março 1957. Koma akulu anati mutu umodzi susenza denga. Lero tiwerenga za munthu wina amene anasenza naye dengalo, koma pambuyo pake anathawa m'nyumba yomweyo. Dzina lake ndi Komla Agbeli Gbedemah. Dzinali ndi lovuta pa lilime lathu. Tiyeni tilichule pang'onopang'ono: Gbe-de-mah.

Ghana ali kumadzulo kwa Afrika, m'mbali mwa nyanja yaikulu. Atsamunda a kumeneko anali Angerezi, ndipo ankalicha dzikolo Gold Coast, ndiye kuti Gombe la Golide. Makolo a Gbedemah anali a mtundu wa Ewe, ocokera ku dera la Keta, kum'mawa kwa gombelo. Koma iye anabadwira ku Warri, m'dziko la Nigeria, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatsala pang'ono kuyamba. Anaphunzira pa sukulu yochuka ya Achimota. Mu 1939 anayamba kuphunzitsa sayansi pa sukulu ya Accra Academy. Akaweruka ankacita malonda a maswiti ndi matabwa. Mu 1943 anasiya uphunzitsi nalowa m'malonda a matabwa ndi miyendo iwiri.

Malondawa tisawaiwale. Munthu wa matabwa amadziwa misewu, amadziwa oyendetsa malole. Amadziwa kuwerengera ndalama ndi kugawira anthu nchito. Nzeru zimenezi ndi zimene Gbedemah anapita nazo ku ndale.

Mu 1947 kunabadwa cipani ca UGCC. Atsogoleri ake anali anthu ophunzira malamulo ndi amalonda olemera. Iwo anaitana Nkrumah kucokera ku London kuti adzakhale mlembi wawo. Sanakhalitsane. Akuluakuluwo ankafuna kuyenda mosamala, pamene acinyamata anali atatopa nako kudikira. Gbedemah anali wapampando wa komiti ya acinyamatawo. M'mwezi wa Junho 1949 iwo anapatuka ndi Nkrumah nayambitsa cipani catsopano, CPP. Mfuu yawo inali yakuti kudzilamulira kubwere tsopano lino. Nkrumah anali mtsogoleri, Gbedemah waciwiri wake, Kojo Botsio mlembi.

Kumapeto kwa caka comweco atsamunda anaponya Gbedemah m'ndende cifukwa ca nkhani imene inatuluka m'nyuzipepala ya cipani. Mu Janeiro 1950 Nkrumah anaitana dziko lonse kuti linyanyale nchito. Naye anamangidwa pamodzi ndi anzake ambiri, napatsidwa zaka zitatu m'ndende ya James Fort ku Accra. Atsamunda anaganiza kuti adula mutu wa njoka. Koma masiku omwewo cilango ca Gbedemah cinatha. Wina akulowa, wina akutuluka.

Caka cimeneci ndico cacikulu m'moyo wa Gbedemah. Anapeza cipani cilibe atsogoleri, ndalama zili zocepa, anthu ali ndi mantha. Iye anaciyendetsa monga munthu wodziwa malonda. Anatsegula nthambi m'mizinda ndi m'midzi. Anapeza magalimoto okhala ndi zokuzira mawu, opakidwa mitundu ya cipani, yofiira, yoyera ndi yobiriwira, nawatumiza kumidzi. Amayi a m'misika anathandiza kwambiri ndi mawu awo ndi ndalama zawo. Otuluka m'ndende ankavekedwa tizipewa toyera pamaso pa anthu, ngati anthu otsiriza sukulu. Motero ndende inasiya kukhala cinthu ca manyazi.

Nanga Nkrumah ankalankhula naye bwanji? Ankalemba. Mapepala enieni analibe, conco ankalemba mobisa pa mapepala a kucimbudzi. Timakalatato tinkatuluka m'ndende mwakabisira mpaka kufika m'manja mwa Gbedemah. Taonani, anzathu, kuti zilembo zimene tikuphunzirazi zimadutsa ngakhale pakhomo pamene paima msilikali.

Apa pali cinthu cimene ife timacilemekeza. Gbedemah anali ndi cipani conse m'manja. Mtsogoleri anali wotsekeredwa, ndipo akanatha kukhalamo zaka zitatu. Munthu wadyera akanakhala pampandopo yekha. Iye sanatero. Pa misonkhano ankakweza dzina la Nkrumah, ndipo anayendetsa nchito yokopa anthu kuti asankhe wandendeyo. Masankho anacitika mu Fevereiro 1951. Pa mipando 38 imene anthu anasankha, CPP inatenga 34. Ku Accra, pa mavoti 23,122, Nkrumah anapeza 22,780 ali m'kati mwa ndende. Bwanamkubwa Charles Arden-Clarke analibenso cocita. Pa 12 Fevereiro anamutulutsa, namupempha kuti atsogolere boma.

Gbedemah anakhala nduna ya zaumoyo ndi nchito, kenaka ya zamalonda. Mu 1954 anapatsidwa thumba la dziko, nakhala nduna ya zacuma kufikira 1961.

Tsopano nkhani ikulowa m'munda. Cuma ca Ghana cinali kakao. Kakao ndi mtengo wobala zipatso zokhala ndi njere, ndipo njerezo ndi zimene amapangira cokoleti. Pa nthawiyo panalibe dziko lolima kakao wambiri kuposa Ghana. Olima anali alimi wamba, makamaka a ku Asante. Koma mlimi sankagulitsa yekha kunja. Bungwe la boma, limene atsamunda anakhazikitsa mu 1947, ndilo linkagula kakao yense pa mtengo umene boma lanena.

Mu 1954 mtengo wa kakao kunja unakwera kwambiri. Alimi anayembekeza kuti nawonso akwezeredwa. Koma Gbedemah anabweretsa lamulo ku Nyumba ya Malamulo loika mtengo pa masheleni 72 pa katundu wolemera makilo 27, ndipo boma linati ukhale womwewo zaka zinayi. Zotsala zonse zinkapita ku boma. Maganizo a boma anali akuti ndalama zikacuruka m'manja mitengo ya zinthu m'masitolo ikwera, ndiponso kuti dziko likusowa misewu, sukulu ndi zipatala. Zimenezi zinamangidwadi. Koma ife amene timagwira khasu tikudziwa mmene mtima umawawira ukamva kuti thukuta lako lagulidwa mocipa pakhomo, nkukagulitsidwa modula kutsidya. Mlimi sanafunsidwe. Mu Setembro caka comweco ku Kumasi kunabadwa cipani cotsutsa, NLM. Cinkafuna kuti dera la Asante liziyendetsa zinthu zake lokha. Kunali ndeu, nyumba zinatenthedwa, anthu anafa. Angerezi anati pacitikenso masankho ena ufulu usanabwere. CPP inapambananso mu 1956, koma bala la ku Asante silinapole msanga.

Ufulu utabwera, Gbedemah anapita ku Amerika pa nchito za boma. Mu Outubro 1957 anaima pa malo odyera a Howard Johnson's m'tauni ya Dover, m'cigawo ca Delaware. Anaitanitsa madzi a malalanje. Anamuuza kuti munthu wakuda saloledwa kumwera m'katimo. Nduna yosunga cuma ca dziko laufulu inakanizidwa mpando cifukwa ca khungu! Nkhaniyi inatuluka m'manyuzipepala, ndipo boma la Amerika linacita manyazi. Prezidenti Eisenhower anaitana Gbedemah ku White House kuti akadye naye cakudya ca m'mawa.

Wamalonda sataya mwayi. Ali pa cakudyapo Gbedemah anachula nkhani imene inali pamtima pa boma lake: kutseka mtsinje wa Volta ndi damu lalikulu lopanga magetsi. Angerezi anali atalankhula za damulo zaka zambiri osatulutsa ndalama. Kucokera pamenepo Aamerika anayamba kuchera khutu. Kampani ya Kaiser inabwera kudzayeza mtsinjewo. Gbedemah anayenda maulendo ambiri kukakambirana za ngongole ndi boma la Amerika ndi Banki ya Dziko Lonse. Damulo linamangidwa pa Akosombo, ndipo linatsegulidwa mu Janeiro 1966. Magetsi ake akuunikirabe Ghana. Koma madzi anamiza midzi mazanamazana, ndipo anthu pafupifupi 80,000 anasamutsidwa kusiya minda ndi manda a makolo awo. Gawo lalikulu la magetsiwo linkapita mocipa, kwa zaka zambiri, ku fabrika ya aluminiyamu ya Aamerika ku Tema.

Tsiku lotsegulira damulo Gbedemah kunalibe. Anali kunja kwa dziko, wothawa. Zinayenda bwanji?

Pofika 1960 mtengo wa kakao kunja unali utatsika, ndipo nkhokwe ya boma inayamba kucepa. Gbedemah ankafuna kuti ndalama zizituluka mosamala. Nkrumah ankafuna kumanga mofulumira. Pafupi ndi Nkrumah panali anthu atsopano amene ankaona Gbedemah ngati munthu wa malonda ndiponso bwenzi la Aamerika. Mu Abril 1961 Nkrumah analankhula pa wailesi m'bandakuca, nadzudzula atsogoleri a cipani amene ankadzikundikira cuma. Mwezi wotsatira anamucotsa Gbedemah ku zacuma namubwezera ku zaumoyo. Mu Setembro anchito a njanji ndi a padoko ku Sekondi ndi Takoradi ananyanyala nchito cifukwa boma linayamba kudula malipiro awo mokakamiza, likuti likuwasungira. Kumapeto kwa mweziwo Nkrumah anauza Gbedemah, Botsio ndi ena kuti atule pansi maudindo, ponena kuti malonda ndi katundu wawo zacuruka.

Panali lamulo lina loopsa, la caka ca 1958. Linkalola boma kutsekera munthu mpaka zaka zisanu popanda kumuzenga mlandu. Kumayambiriro kwa Outubro 1961 anthu ambiri anatengedwa ndi lamuloli. Mmodzi wa iwo anali J. B. Danquah, mtsogoleri wakale wa UGCC, amene anadzamangidwanso kaciwiri nafera m'ndende mu 1965. Pakati pa mwezi womwewo Gbedemah anaimirira m'Nyumba ya Malamulo. Anadzudzula kumanga anthu popanda mlandu, nacenjeza kuti dziko likulowa m'mantha. Kunali kulimba mtima, pakuti ankadziwa cimene cingamugwere. Atangolankhula anazemba natuluka m'dziko apolisi asanamugwire.

Timuyamikire pa mawu amenewo. Koma tifunsenso: mu 1958, pamene lamulolo linkapangidwa, iye anali kuti? Anali nduna yaikulu m'boma lomwelo. Zaka zitatu lamulolo linali kugwira anthu a zipani zotsutsa, iye ali pampando. Analiona kuipa kwake poyera pamene msampha unayang'ana mwendo wake.

Pa 24 Fevereiro 1966 asilikali analanda boma Nkrumah ali pa ulendo kunja. Nkrumah sanabwererenso ku Ghana ali moyo. Anamwalira mu 1972. Gbedemah anabwerera kwawo. Asilikali atalola ndale, iye anayambitsa cipani ca NAL. Pa masankho a Agosto 1969, pa mipando 140, cipani ca Kofi Busia cinatenga 105, ca Gbedemah 29. Mavoti ake ambiri anacokera kwa a mtundu wake, Aewe. Iye mwini anapambana ku Keta. Koma komiti yofufuza cuma ca atsogoleri akale inali itamupeza ndi ndalama zina zimene sinakhutire ndi kumene zinacokera. Malamulo atsopano a dziko ankaletsa munthu wotere kukhala m'Nyumba ya Malamulo. Bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti asiye mpandowo.

Anaonekanso mu 1978, tsitsi litacita imvi. Mtsogoleri wa asilikali, Acheampong, ankafuna boma lopanda zipani, m'mene asilikali ndi apolisi akhalemo mpaka kalekale. Gbedemah anagwirizana ndi William Ofori Atta ndi ena amene kale anali adani ake pa ndale, nakana poyera maganizo amenewo. Caka comweco Acheampong anacotsedwa ndi asilikali anzake. Gbedemah sanakhalenso nduna. Anamwalira mu Julho 1998, ali ndi zaka zoposa 80.